Mpezeni, Mfumu Imene Inafuna Kusunga Ufumu wa Atate Ake

Awerengi athu achikulire akumbukira kuti boma la Mchinji linali kutchedwa Fort Manning m'masiku a Azungu. Koma ndi owerengeka okha amene adziwa kuti m'linga limenelo, m'chaka cha 1898, munasungidwa mkaidi wokalamba amene dzina lake linali kunjenjemeretsa dziko lonse kuyambira ku mtsinje wa Bua kufikira ku Luangwa. Mkaidiyo anali Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, Inkosi ya Angoni. Anthu a kwa Mkanda ali nacho chifukwa chomkumbukira, ndipo chifukwacho si chokoma ai. Komabe mbiri yake iyenera kusimbidwa, pakuti m'menemo muli funso limene libvutabe atsogoleri kufikira lero lino: kodi munthu asunga bwanji zimene makolo anamsiyira, pamene dziko lomzinga liri kusinthika?

Ku Mangalande funso limeneli liri ndi chipani chake, chotchedwa Conservative, ndiye kuti osunga. Mwa anthu amene anakonza maganizo a osungawo wodziwika koposa ndiye Edmund Burke, phungu wa Nyumba ya Malamulo ya ku London, amene m'chaka cha 1790 analemba zotsutsa anthu a ku France pogwetsa ufumu wao. Iye anaphunzitsa kuti dziko siliri la amoyo okha, koma ndi la akufa ndi la osabadwa omwe. Kuti mwambo umene wakhala zaka mazana uli ndi nzeru yoposa ya munthu mmodzi, ngakhale wophunzira chotani. Ndiponso kuti wofuna kusunga ayenera kulola kusintha pang'ono pang'ono, chifukwa chinthu chosapindika chimathyoka. Mpezeni sanamve konse za Burke, ndipo sanadziwe kuwerenga. Koma pa zaka zonse zimene analamulira, nkhawa yake inali yomweyo.

Iye anabadwira pa ulendo, cha m'ma 1830, pamene Zwangendaba Jere ndi anthu ake anali kuthawa nkhondo za Shaka ku dziko la Azulu. Dzina lake laubwana linali Ntuto, ndipo amai ake anali Soseya. Akuluakulu a Angoni amasimba kuti tsiku lina Zwangendaba anapeza tsitsi mu mowa wochokera ku mudzi wa mkazi wake, nayesa kuti afuna kumlodza, nalamula kuti mudziwo uonongedwe. Koma nduna ina inabisa Soseya ali ndi pakati, ndipo mwana amene anabadwa mobisika motero ndiye Mpezeni. Nkhani imeneyi ndiyo gwero la mkangano wa pakati pa nyumba yake ndi nyumba ya mbale wake M'mbelwa, wakuti woyenera mpando anali yani. Anali kamwana pamene Angoni anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa.

Zwangendaba anafera ku Mapupo, m'dziko la Ufipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, cha m'ma 1848, ndipo pfuko linagawikana. M'mbelwa anatsikira kuno nakhazikika ku dziko limene lero ndi Mzimba. Mpezeni analowera kwa Abemba, koma kumeneko zinamkanika, pakuti Abemba anali ndi malinga olimba. Anaoloka Luangwa nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, ndipo cha m'ma 1870 anakwera ku mapiri a ku Chipata.

Dziko limenelo silinali lopanda mwini. Linali la Mkanda, mfumu ya Achewa ya pfuko la Mbewe, imene makolo ake analandira malowo pansi pa Undi, koma pambuyo pake anakula mphamvu nadziimira okha. Angoni anagwetsa ufumu umenewo. Midzi inatenthedwa, nkhokwe zinafunkhidwa, anyamata ndi atsikana anatengedwa ukapolo. Otsala anathawira m'mapiri, ena m'malinga, ena kwa Mwase ku Kasungu amene anali ndi mfuti. Ichi tiyenera kuchinena poyera, chifukwa olemba ena akamatamanda Mpezeni amachilumpha. Achewa a kwa Mkanda naonso anali ndi zao za makolo: ufumu wolowa kwa mwana wa mlongo, dambwe la nyau, nsembe za mvula. Zimene Mpezeni anasungira anthu ake anazisunga pa phulusa la zimene anzake anali kusunga.

Tsono chimene anasungacho chinali chiani? Pano mpamene munthuyu aoneka kuti anali ndi nzeru. Angoni enieni ochokera kumwera anali ochepa kwambiri. Ochuluka a anthu ake anali Ansenga, Achewa ndi mitundu yina yogwidwa m'njira. Mfumu ya mtima waufupi ikadawayesa akapolo mpaka kale kale, ndipo ufumuwo ukadatha ndi mbadwo umodzi. Koma mwambo umene Zwangendaba anasiya unali wakuti wogwidwa alowe m'mudzi wa mbuye wake, mwana wake akule ngati Mngoni, alowe m'gulu la nkhondo pamodzi ndi anzake a msinkhu wake, ndipo akaonetsa chamuna akhoza kukhala nduna ndi kukhala nao anthu akeake. Mpezeni anaugwiritsa mwambowo osaufooketsa. Midzi inali yaikuru, yomangidwa mozinga khola la ng'ombe, ndipo nyumba iri yonse ya mkazi wa mfumu inali ndi anthu ake, kotero kuti munthu ali yense anadziwa pamene aima ndi amene ayenera kumvera. Ukwati unali wa malobolo, ana nakhala a kwa atate. Milandu inali kuweruzidwa pa bwalo, nduna ziri pomwepo, pakuti Inkosi ya Angoni sinali kulamula yokha ngati mwini chuma. Inali kumva akuluakulu. Ndipo chaka ndi chaka, dzinthu zikayamba kucha, panali Ncwala: munthu sanali kuloledwa kudya zatsopano za m'munda kufikira mfumu italawa, ng'ombe yamphongo yakuda itabayidwa, ndi mizimu ya makolo itathokozedwa. Pa tsiku limenelo mwana wa kapolo ndi mwana wa Jere anali kubvina ingoma imodzi.

Chinthu chimodzi chachikuru anachilola kutayika, ndicho chinenero. Ankhondo anakwatira akazi a Chinsenga, ndipo mwana amayankhula za amake. Pofika masiku otsiriza a Mpezeni, Chingoni chinali kutsalira m'nyimbo, m'zitamando za mafumu ndi pakamwa pa nkhalamba, pamene m'midzi munali kumveka Chinsenga. Ena adzati kumeneko kunali kulephera. Ife tiyesa kuti mfumu yoletsa ankhondo ake kukwatira akazi a m'dzikomo ikadasunga chinenero ndi kutaya anthu ochiyankhula.

Azungu anafika monga alendo. Woyamba kukhazikika anali Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga, wochokera ku Tete, amene anafika cha m'ma 1885 nakhala bwenzi la mfumu. M'chaka cha 1890 Alfred Sharpe anadza kudzapempha pangano m'dzina la Angerezi, koma Mpezeni anakana. Sanaone chifukwa chopemphera chitetezo kwa munthu woyenda ndi amtengatenga owerengeka, iye ali ndi ankhondo zikwi. Koma Wiese anatuluka ndi kalata yonena kuti mfumu yampatsa mphamvu pa dziko ndi miyala ya pansi pake. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo m'mwambo wa Angoni, monganso wa Achewa, mlendo amapatsidwa pokhala koma dziko siligulitsidwa. Pa mwambo wa ku Ulaya kalata yotere ndi katundu wogulitsika. Inagulitsidwadi, ndipo potsiriza inafika m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inapatsidwa dziko lokwana masikweya mailosi 10,000, pokhulupira kuti m'dziko la Mpezeni muli golide wambiri. Angerezi ndi Apwitikizi anali atagawana kale malire m'chaka cha 1891, mwini dziko osafunsidwa. Apa nzeru ya makolo, imene inamthandiza zaka makumi anai, sinamuuze kanthu, chifukwa makolowo sanaonepo pepala likulanda munda.

Anthu a kampani anafika m'chaka cha 1896 namanga malinga, limodzi la iwo pafupi ndi mudzi waukuru wa mfumu ku Luangeni. Pamenepo Angoni anagawikana mitima. Mpezeni, pokhala nkhalamba ya zaka zoyandikira 70, anafuna kuleza. Iye anali kumva zochitika kwa anansi ake. Lobengula wa Amandebele anagonjetsedwa mu 1893. M'mwezi wa December 1895 Mlozi anapachikidwa ku Karonga, ndipo linga la Mwase Kasungu, amene Angoni analephera kumgonjetsa, linagwa. Mu 1896 Gomani, Inkosi ya Angoni a ku Ntcheu, anaphedwa ndi asilikari a Boma. Munthu wowerenga zimenezi anadziwa kuti chishango cha chikopa sichiletsa chipolopolo. Maganizo ake anali akuti alole Azungu akumbe miyala yao, malinga midzi, ng'ombe ndi mpando zikhale.

Koma mwana wake Nsingo, mtsogoleri wa magulu a anyamata, anaona zina. Ndipo tisafulumire kumyesa wopanda nzeru, pakuti iyenso anali kusunga za makolo. Ufumu wa Angoni unali kukula ndi nkhondo: mnyamata anali kupeza dzina, ng'ombe ndi anthu pa nkhondo, ndipo nduna inali kukwera chifukwa cha ogwidwa amene inabwera nao. Malinga a Azungu atazinga dziko, ndipo Achewa atayamba kuthawira kwa iwo, njira yonseyo inatsekeka. Kwa mnyamata wa m'gulu la nkhondo, mtendere umene nkhalamba inafuna unali imfa ya Ungoni yochedwerapo chabe. Chotero atate ndi mwana anakangana pa chinthu chimodzi: wina anafuna kusunga anthu ndi mpando ngakhale mkondo upachikidwe, wina anati popanda mkondo palibe chotsala choyenera kusungidwa. Mwambo womwewo umene Mpezeni anaulimbitsa ndiwo unampatsa mwana wake ankhondo omvera iye koposa atate ake.

M'mwezi wa December 1897 ankhondo a Nsingo anazinga Wiese ndi anzake. Mthenga unafika ku Nyasaland, ndipo m'mwezi wa January 1898 asilikari a Boma, pamodzi ndi Asikh ochokera ku India, analowa m'dzikomo ndi mfuti za Maxim ndi mizinga, motsogozedwa ndi Captain Brake, pambuyo pake ndi Colonel William Manning. Nkhondo yeniyeni sinatenge masiku ambiri. Magulu a Angoni anathyoledwa asanafike poponya mkondo, midzi yaikuru inatenthedwa, ndipo ng'ombe pafupifupi 12,000 zinalandidwa, ndicho chuma chonse cha malobolo, cha nsembe ndi cha milandu. Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi asilikari, naomberedwa m'mwezi wa February 1898. Mpezeni, amene anali atathawira m'mapiri, anadzipereka, natengedwa kunka ku linga limene linatchedwa dzina la Manning.

Kodi mau a nkhalamba akadamveka, dziko likadapulumuka? Mwambi uti mau a akulu akoma akagonera, ndipo pa miyoyo ya anthu ndi ng'ombe zija mwambiwo ukhoza. Angoni a M'mbelwa analowa pansi pa Boma m'chaka cha 1904 popanda nkhondo, nasunga mafumu ao ndi ng'ombe zao. Koma kwa M'mbelwa kunalibe kampani yokhala ndi kalata m'thumba, ndipo kunali amishoni a Livingstonia owayankhulira. Kwa Mpezeni dziko linali litagulitsidwa kale ku London nkhondo isanayambe, ndipo nkobvuta kukhulupira kuti kuleza kukadabweza kalatayo. Golide wochuluka amene anali kumfuna sanapezeke. Malowo anasanduka minda ya Azungu, Angoni ndi Achewa omwe anapanikizidwa m'malo ochepa, ndipo anyamata amene akadakhala ankhondo anayamba ulendo wa ku migodi ndi minda ya ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama za msonkho. Boma la Northern Rhodesia linadzagula malo ambiri a kampaniyo m'chaka cha 1941.

Mpezeni anakhala ku Fort Manning monga chaka chimodzi, ndipo analoledwa kubwerera kwao, pakuti Azungu anaona kuti Angoni opanda mfumu abvuta kuwalamula koposa Angoni okhala nayo. Anapeza dziko lina. Mu 1899 Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo m'chaka chomwecho amishoni a Dutch Reformed anamanga ku Magwero. Anamwalira m'chaka cha 1900. Mpando unapita kwa mdzukulu wake Chiloa, mwana wa Nsingo yemwe uja, amene anatchedwa Mpezeni wachiwiri. Chotero dzina la munthu linasanduka dzina la ufumu.

Malire a Azungu anadula anthu ake pakati, ndipo ndicho chifukwa chake mafumu a Angoni Zulu ndi Mlonyeni ali m'boma la Mchinji, kuno ku Malawi, pamene mpando waukuru uli ku Zambia. Ufumu wa Mkanda, umene Angoni anaugwetsa, unaimanso, ndipo uli pakati pa maufumu a boma lomwelo. Ncwala inaleka pambuyo pa nkhondo ya 1898, nikhala yosachitika zaka zoposa 80, kufikira Mpezeni wachitatu anaiutsa m'chaka cha 1980. Ichitika ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, kumapeto kwa mwezi wa February, ndipo Angoni a ku Mchinji amaoloka malire pa Mwami kunka kukabvina.