Janusz Korczak, Sing'anga wa Ana Amasiye

Mwezi uno tifuna kuuza owerenga athu za munthu wa mtundu wa Ayuda, mtundu womwewo umene Ambuye wathu anabadwamo monga mwa thupi. Dzina lace lobadwa nalo ndi Henryk Goldszmit, koma adziwika ndi dzina limene analemba nalo mabuku, Janusz Korczak.

Anabadwira m'mudzi waukuru wa Warsaw, m'dziko la Poland, naphunzira za mankhwala, nakhala sing'anga wa ana. Koma poona kusauka kwa ana amasiye, anasiya nchito ya m'cipatala, ndipo m'caka ca 1912 anayamba kuyang'anira nyumba ya ana amasiye Aciyuda, pamodzi ndi mai Stefania Wilczyńska. M'nyumbamo anawo anali ndi bwalo lao la milandu, oweruza ace ndiwo ana omwe. Ndipo iye mwini akalakwa, anaimirira pabwalopo monga mwana ali yense.

M'caka ca 1933 Hitler anatenga ufumu ku Germany, naphunzitsa anthu ace kuti Ayuda ndiwo gwero la mabvuto onse. Anawacotsa pa nchito za boma, napitikitsa ana ao m'masukulu, ndipo m'1938 masunagoge anatenthedwa. M'1939 ankhondo ace analanda Poland. Imeneyi ndiyo nkhondo yomwe makolo athu a ku Dowa ndi ku Ntchisi analowera usilikari wa K.A.R., namuka ku Abyssinia ndi ku Burma.

M'1940 Ajeremani anatsekera Ayuda a m'Warsaw, oposa 400,000, m'kati mwa linga lopanikiza, m'mene njala ndi nthenda zinapha anthu tsiku ndi tsiku. Korczak, ali nkhalamba yodwala, anayenda khomo ndi khomo kupempha cakudya ca ana ace. Abwenzi a kunja kwa linga anamkonzera pobisala, koma anakana, pakuti malowo anali a iye yekha, si a ana ai.

M'mwezi wa August 1942 asilikari anafika kudzatenga anawo, ngati 200. Iye anawatsogolera kunjanji pamodzi ndi mai Stefania, nalowa nao m'ngolo za ng'ombe zomuka ku Treblinka, kumene onse anaphedwa. Pofika 1945 Ayuda ophedwa anali ngati 6,000,000, ndipo mwa iwo ana ngati 1,500,000.

Abale, kupha kumeneku kunayamba ndi mau onyoza mtundu wa anthu ena. Cifukwa cace tisalole m'midzi mwathu kuti Mcewa, Mngoni kapena Myao apeputse mnzace cifukwa ca pfuko lace. Ndipo inu aphunzitsi ndi akulu a mpingo, munthu uyu sanali Mkristu, koma atikumbutsa za mbusa wosathawa nkhosa zace pa tsiku la mmbulu. Ana amasiye ali m'midzi yathu yomwe. Tiwasunge bwanji ife amene tidziwa dzina la Mbusayo?