JOE LOUIS, AMENE ANAPHUNZIRA PA KUGWA KWACE

Joe Louis anabadwa m'caka ca 1914 ku Alabama, m'dziko la America. Iye anali munthu wakuda, mdzukulu wa akapolo, ndipo makolo ace anali osauka, olima thonje monga alima anthu a ku Chitala. M'caka ca 1926 banja lao linasamukira ku mudzi waukuru wa Detroit, ndipo kumeneko mnyamatayo anaphunzira masewera a nkhonya. Mphunzitsi wace wamkuru anali Jack Blackburn.

Kuyambira 1934 Louis anamenya nkhonya monga nchito yace, m'gulu la amuna olemera thupi koposa, nagonjetsa onse amene anakomana nao. Anthu anamtama kwambiri, ndipo iye anayamba kucita mphwayi pa kukonzeka.

Koma ku Germany kunali munthu wina wocenjera, dzina lace Max Schmeling. Iyeyu anapenyetsetsa zithunzi za kanema za nkhonya za Louis, napeza cirema cimodzi. Louis akaponya dzanja lamanzere, analibweza ali kulitsitsa, nasiya cibwano cace poyera.

Pa 19 June 1936 awiriwo anakomana ku New York. Schmeling anadikira mofatsa, ndipo dzanja lija likatsika, anaponya lamanja lace pamwamba pace. Louis anagwa m'ndime yacinai, nauka. Koma m'ndime ya 12 anagwanso, osatha kuuka m'nthawi yace. Uku kunali kugonja kwace koyamba pa nchitoyo.

Louis anacita manyazi, koma sanataya mtima. Anabwerera kwa mphunzitsi wace, namvera. M'caka ca 1937 anagonjetsa James Braddock ku Chicago, nakhala ngwazi ya dziko lonse. Komabe mtima wace sunakhazikika, popeza iye anali asanamgonjetse Schmeling.

Pokonzeka nkhondo yaciwiri, Louis ndi Blackburn anasintha zinthu ziwiri. Coyamba, anazoloweza dzanja lamanzere kubwerera msanga kukachinga nkhope. Caciwiri, anaona kuti mphamvu ya Schmeling inali m'kudikira ndi kuyesa mtunda. Cifukwa cace anapangana kuti asampatse nthawi konse, koma amyandikire ndi kumpanikiza kuyambira kulira kwa belu.

Mlandu unakula, pakuti boma la Hitler linali kuphunzitsa kuti mtundu wao uposa mitundu yonse, ndi kuti munthu wakuda ali wacabe. Pa 22 June 1938 anthu ngati 70,000 anasonkhana ku Yankee Stadium, ndipo ena ambirimbiri anamvera pa wailesi. Belu litalira, Louis anamlumphira mdani wace, nammenya kumutu ndi m'nthiti mosapumira. Schmeling anagwa katatu, ndipo nkhondo inatha patapita mphindi 2 ndi masekondi 4.

Louis anasunga ungwazi wace kufikira 1949, nauchinjiriza nthawi 25. Atakalamba, iye ndi Schmeling anasanduka mabwenzi, ndipo pamene Louis anasauka, mnzaceyo anamthandiza ndi ndalama. Louis anamwalira pa 12 April 1981.

Ana inu, mwana wolephera mayeso asang'ambe pepala lace ndi mkwiyo. Ayang'ane pamene analakwa, afunse mphunzitsi, ndipo akonze comweco. Louis anatero ndi dzanja lace lamanzere.