Dr. Robert Laws: kalipentala amene anasanduka dokotala

Ambirife timangomva dzina la Dr. Robert Laws m'kalasi ya History, timaloweza chaka cha 1875 kuti tikhoze mayeso, basi zathera pomwepo. Ine ndasankha kulemba za iwo chifukwa cha nkhani imene yatenga malo mu Fomu 2 masiku ano, yakuti phunziro lofunika ndi liti ndipo longotaya nthawi ndi liti. Bambo amenewa analimbana ndi funso lomweli zaka zoposa 50.

A Laws anabadwa mu 1851 mu mzinda wa Aberdeen ku Scotland. Bambo awo anali mmisiri wopanga mipando, matebulo ndi makabati, ndipo banjalo silinali lolemera. Ali mnyamata anayamba kuphunzira ntchito yomweyo ya matabwa. Masana ankapala matabwa, madzulo n'kumapita kukalasi. Kenaka analowa yunivesite, nachita maphunziro a udokotala ndi a ubusa. Tangoganizani anzanga, munthu mmodzi wodziwa kugwira sowo, kuchita opaleshoni komanso kuima paguwa.

Mu 1875, ali ndi zaka 24 zokha, ananyamuka ndi gulu la amishoni lotsogozedwa ndi E.D. Young. Anabwera ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, imene inapangidwa mwakuti itha kumasulidwa zidutswazidutswa. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaimasula, anthu akuno mazanamazana n'kuisenza pamutu mpaka kumtunda kumene anakailumikizanso. Maina a anthu osenzawo sitiwamva m'kalasi, koma popanda makosi awo sitimayo sikanaona nyanja. Mu Okutobala chaka chomwecho anafika ku Cape Maclear ku Mangochi. Chaka chotsatira a Laws anachita opaleshoni atamugonetsa wodwala ndi mankhwala, chinthu chimene anthu kumeneko anali asanachionepo.

Cape Maclear sinawakomere. Malungo anapha anzawo angapo, choncho mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Nakonso malungo sanawasiye. Iwo ndi akazi awo a Margaret anataya ana, amene anakula ndi mmodzi yekha, Amelia. Mu 1894 a Laws anasankha phiri la Khondowe m'boma la Rumphi, malo ozizira, okwera kwambiri pamwamba pa nyanja. Kumeneko ndi kumene timati Livingstonia lero.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Ku Khondowe anakhazikitsa sukulu yotchedwa Overtoun Institution, dzina lochokera kwa Lord Overtoun, munthu wachuma wa ku Scotland amene anathandiza ndi ndalama. Sukuluyi inali ndi mbali ziwiri. Mbali ina kunali maphunziro a m'buku: Chingerezi, masamu, mbiri yakale, uphunzitsi ndi ubusa. Mbali ina kunali ntchito zamanja: ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusema miyala, kusindikiza mabuku, ulimi, kutumiza mauthenga pa waya, kusunga mabuku a ndalama, ndiponso kuthandiza madokotala m'chipatala. Aphunzitsi ake sanali abusa okha ayi, ena anali amisiri ochokera ku Scotland, ndipo pambuyo pake Amalawi amene anaphunzira pomwepo anayamba kuphunzitsa anzawo. Ngakhale mwana amene ankafuna kudzakhala mphunzitsi kapena mbusa ankagwirako ntchito yamanja. Panalibe zoti ine ndine wanzeru, khasu ndi la ena.

Ndipo ntchito zake zinkaoneka ndi maso. Anakoka madzi m'mapaipi kuchokera kumapiri, anasema msewu wa Gorodi wokhotakhota kuchokera kunyanja kukwera phiri, ndipo cha m'ma 1905 anali atayatsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Magetsi pamwamba pa phiri kalekale choncho, pamene ena a ife mpaka lero timawerengera tochi ya mabatire tikafika kunyumba! Ndikaganiza zimenezi mutu umaima.

Ophunzira ankachokera kutali, ena kudutsa malire a dziko lino. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda pulezidenti woyamba wa Zambia, anaphunzira pansi pa mishoni imeneyi asanapite kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali. Clements Kadalie anamaliza kumeneko maphunziro a uphunzitsi, napita ku Cape Town kumene mu 1919 anayambitsa bungwe lalikulu lomenyera ufulu wa anthu akuda apantchito. Levi Mumba anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Enanso ambiri anamwazikana m'migodi ndi m'maofesi a ku Rhodesia, Tanganyika ndi ku Joni ngati makalaliki ndi amisiri, chifukwa kuno kwathu ntchito zoyenera maphunziro awo zinali zochepa. Vuto limeneli likumveka ngati la dzana lomweli, eti?

Koma sindikufuna kuwapanga a Laws mngelo. Anali munthu wouma mtima pa malamulo, ndipo ankachedwa kukhulupirira anthu amene iwo omwe anawaphunzitsa. Charles Domingo anakulira m'nyumba mwawo, anamaliza maphunziro onse a ubusa, koma anamudikiritsa zaka ndi zaka osamudzoza mpaka anatopa n'kuchoka. Abusa oyamba achikuda ku Livingstonia, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikire mishoni. Kwa ine kumeneko kunali kulakwa. Sungamuphunzitse munthu kupalasa njinga kenaka n'kumakana kumusiyira chiwongolero.

Mu 1924 kunabwera gulu la Phelps-Stokes lochokera ku America kudzayendera sukulu za mu Africa. Iwowa ankakonda maphunziro osavuta, a ulimi ndi ntchito za kumudzi, ndipo anaona ngati za ku Livingstonia zapita patali kwambiri kwa mwana wa Mwafrika. A Laws maganizo awo anali ena. Ankafuna Overtoun ikule mpaka idzakhale koleji yeniyeni ngati za kwawo. Pamenepa ndili mbali yawo. Ntchito zamanja zimakoma munthu akazisankha atapatsidwanso buku. Zikamaperekedwa chifukwa choti wina waganiza kuti mutu wako sungathe algebra, chimenecho ndi chipongwe.

Ife a sukulu yoyendera tili pakati penipeni pa mkanganowu. Tikalemba JCE tidzauzidwa kusankha maphunziro a Fomu 3, koma kusankha kwake n'kotani pamene chipinda cha matabwa kapena cha zosokasoka palibe? Aphunzitsi athu amayesetsa, ena amagwira maphunziro awiri kapena atatu okha, ndipo dimba la Agriculture timalima ndi makasu obweretsa kunyumba. Komabe ndimamva anzanga ena akunyoza phunziro limeneli kuti ndi la anthu olephera, chonsecho fizi yawo inkachokera mu fodya, soya ndi mtedza. A Laws akanamva akanatikoka makutu ndithu.

Anachoka m'dziko muno mu 1927 atakhalamo zaka 52, ali nkhalamba ya ndevu zoyera. Atangochoka, amene anatsala anaika pambali maganizo a koleji aja chifukwa cha ndalama komanso chifukwa ena sankagwirizana nawo. Anamwalira ku London mu 1934. Yunivesite ya Livingstonia inadzatsegulidwa mu 2003 ndi sinodi ya CCAP ya Livingstonia, patatha zaka 69 eni ake a maganizowo ali m'manda, ndipo nthambi yake ya pa Khondowe anaipatsa dzina lakuti Laws Campus.