Bradley Nowell adaphika, koma sadadye nawo

Pa 30 July 1996 m'masitolo ogulitsa nyimbo m'dziko la America mudafika chimbale chomwe pachikuto pake padali chithunzi cha msana wa mwamuna wosavala malaya. Pamsanapo padali patadindidwa mawu amodzi okha, Sublime, lomwe lidali dzina la gulu loimba komanso la chimbalecho. Mwini msanawo, Bradley Nowell, sadachione chili pa shelefu. Panthawiyo n'kuti patatha miyezi iwiri chimwalirire ali ndi zaka 28, kusiya mkazi amene adangokhala naye sabata imodzi pa ukwati komanso khanda la miyezi 11.

Nowell adabadwa pa 22 February 1968 ndipo adakulira mumzinda wa Long Beach, m'chigawo cha California. Kwawo nyimbo idali ngati ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Bambo ake, a Jim Nowell, adali a zomangamanga koma amakonda kukhwatcha gitala, pamene mayi ake, a Nancy, amaphunzitsa nyimbo. Banjali lidatha Bradley ali ndi zaka 10, ndipo patapita kanthawi mwanayu adakakhala ndi bambo ake. M'chaka cha 1979 bamboyu adamutenga paulendo wa pabwato kuzilumba za Virgin Islands, ku Caribbean, ndipo n'kumeneko kumene reggae idamulowa m'magazi. Pobwerera kwawo, mnyamata wa zaka 11 uja adali atapeza chinthu chomwe anzake ambiri kusukulu sadali kuchidziwa.

Mzinda wa Long Beach nawo uli ndi gawo lake pankhaniyi. Ndi mzinda wa doko lalikulu, komwe azungu, anthu akuda, anthu ochokera ku Mexico ndi ena ochokera ku Cambodia amakhala moyandikana. Ndi kwawonso kwa Snoop Dogg, katswiri wa rap uja. Mwana wokulira kumeneko amamva punk, rock yothamanga ndi yaphokoso, kuchokera m'galaja ya nyumba yoyandikana nayo, rap m'galimoto zodutsa mumsewu, ndi Chisipanishi pogula zinthu pagolosale. Nowell sadaone chifukwa chosankhirapo chimodzi n'kutaya zinazo.

M'chaka cha 1988 adayambitsa gulu la Sublime pamodzi ndi Eric Wilson, woimba besi, ndi Bud Gaugh, woimba ng'oma. Awiriwa adakulira limodzi, ndipo amene adaphunzitsa Gaugh ng'oma ndi bambo ake a Wilson. Iwo adali anthu a punk basi. Nowell ndiye adawakokera ku reggae ndi ska, chamba cha ku Jamaica chomwe ndi kholo la reggae koma chothamangirapo. Sukulu nayo amaidziwa, moti adafika ku yunivesite komwe amaphunzira za chuma, koma adaisiyira panjira atatsala pang'ono kumaliza.

Eni malo azisangalalo sadawalandire msanga, ndipo makampani a nyimbo amasowa kuti gululi aliike m'gulu liti. Kwa okonda reggae lidali laphokoso kwambiri, kwa okonda punk lidali lozizira. Choncho anyamatawa amangoimba m'mapwando a kuseri kwa nyumba za anthu, ndipo pamodzi ndi mnzawo Michael Happoldt adatsegula kakampani kawokawo ka Skunk Records. Happoldt amaphunzira zojambula nyimbo pa yunivesite ina, ndiye amawalowetsa anzakewa mu situdiyo ya pasukulupo usiku, n'kutulukamo kusadache. Umu ndi momwe chidabadwira chimbale chawo choyamba cha 1992, 40oz. to Freedom, chomwe dzina lake lidachokera ku botolo lalikulu la mowa wotchipa. Amachigulitsa okha kuchokera m'buti ya galimoto. M'chimbalemo adaimbanso nyimbo za ena: ya Toots and the Maytals a ku Jamaica, ya Bad Religion a punk, ya Grateful Dead a rock yakale, n'kuikamonso ina yolemekeza KRS-One wa rap. Anthu amenewa sakadakhala pamphasa imodzi kwina kulikonse.

Padalinso membala wachinayi wa miyendo inayi. Ameneyu adali Lou Dog, galu wa mawangamawanga wa mtundu wa Dalmatian, yemwe Nowell adamutcha dzina la agogo ake aamuna. Galuyu amakwera nawo pa nsanja gulu likamaimba, amatchulidwa m'nyimbo zingapo, ndipo khalidwe lake loluma anthu lidathandizira kuti m'chaka cha 1995 gululi liyambe laimitsidwa kwa masiku angapo paulendo wa zoimbaimba wa Warped Tour.

Koma mkati mwa zonsezi mudali mutalowa njoka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Nowell adayamba kugwiritsa ntchito heroin, mmodzi mwa mankhwala ozunguza bongo ovuta kwambiri kusiya. Sadabise. M'chimbale chachiwiri cha 1994, Robbin' the Hood, muli nyimbo ya Pool Shark momwe amafotokoza za jakisoni wa mankhwalawa ndi kuvomereza kuti tsiku lina adzamugonjetsa. Adalowa kangapo kumalo othandiza anthu kusiya mankhwala, n'kutuluka, n'kubwereranso. Ndalama zikamuthera amakapinyolitsa magitala a gulu, anzake n'kumathamanga kukawaombola nthawi yoimba itayandikira.

Mwayi udagogoda m'chaka cha 1995 pamene wailesi ya KROQ ya ku Los Angeles idayamba kuseweretsa nyimbo yawo yakale ya Date Rape, yonena za mwamuna wogwirira mkazi amene mapeto ake ndi kundende. Omvera adaikonda, ndipo dzina la Sublime lidatuluka m'mapwando a kuseri kwa nyumba. M'mwezi wa June chaka chomwecho chibwenzi cha Nowell, Troy Dendekker, chidamuberekera mwana wamwamuna, Jakob. Kumayambiriro kwa 1996 gululi lidapita ku Texas, ku situdiyo ya Willie Nelson pafupi ndi mzinda wa Austin, kukajambula chimbale choti chitulutsidwe ndi kampani yaikulu ya MCA. Wotsogolera ntchitoyo adali Paul Leary wa gulu la Butthole Surfers, pamene nyimbo zina adazikonza David Kahne. Ntchito idayenda movutikira chifukwa mankhwala aja adali atamugwiranso Nowell, mpaka adamukweza ndege kubwerera kwawo zonse zisadathe.

Chodabwitsa n'choti munthu wosamudziwa sangaganize kuti nyimbo 17 za m'chimbalemo zidaimbidwa ndi munthu amene moyo wake udali pamphepete pa phompho. Chikoka chake chagona pa kasakanizidwe. Magulu ambiri akati asakanize zamba, amaika nyimbo ya reggae apa, ya rock apo. A Sublime amasintha mkati mwa nyimbo imodzi. Mu nyimbo ya Seed, mwachitsanzo, ng'oma zimayamba mothamanga ngati zathawa moto, kenaka mwadzidzidzi zonse zimakhala pansi, besi ya Wilson n'kuyamba kuyenda mwa reggae, kenaka n'kudzambatukanso. Sizimveka ngati zigamba. Atatuwa adali ataimbira limodzi zaka 8, ndipo aliyense amadziwa pomwe mnzake akhotere.

Nyimbo ya What I Got, yomwe idatchuka kuposa zonse panthawiyo, ili ndi gitala yopanda magetsi ngati ya munthu wokhala pakhonde, ng'oma zoyenda mwa hip hop, kukanda mbale kwa DJ, ndi kolasi yomwe idabwerekedwa ku nyimbo ya Loving ya Half Pint wa ku Jamaica. Caress Me Down idamangidwa pa kayimbidwe ka Sleng Teng komwe kadasintha dancehall m'chaka cha 1985, ndipo mbali ina Nowell amaimba m'Chisipanishi. Jailhouse idachokera ku nyimbo yakale ya Bob Marley ndi Wailers, Pawn Shop ku nyimbo ya Wailing Souls, ngakhale nkhani ya pinyolo adaidziwa yekha pakhungu pake. Doin' Time idatsamira pa Summertime, nyimbo ya George Gershwin ya m'zaka za m'ma 1930. Oyang'anira nyimbo za Gershwin adalamula kuti liwu lina lisinthidwe, ndipo poti Nowell adali atamwalira, Happoldt ndiye adalowetsapo mawu ake.

Chomangirira zonsezi ndi mawu a Nowell. Amatha kukuwa ngati woimba punk, kulakatula ngati wa dancehall, kenaka n'kutsika n'kuimba mofewa mokhudza mtima. Umboni wake ndi Santeria. Gitala yake ndi yokoma moti anthu amaiseweretsa pa maukwati, chonsecho nkhani yake ndi ya mwamuna wansanje amene akuopseza kukathana ndi munthu yemwe wamulanda mkazi. Wrong Way imavinitsa, koma ikukamba za kamtsikana komwe abale ake omwe amakatuma kukagulitsa thupi. Ina, April 29, 1992, ikunena za zipolowe zomwe zidabuka ku Los Angeles khoti litamasula apolisi omwe adamenya munthu wakuda, Rodney King. Anthu oposa 50 adafa pazipolowezo, ndipo Nowell amaimba ngati mmodzi mwa othyola masitolo, kusonyeza kuti ambiri amatenga katundu chifukwa cha umphawi. Poimba adalakwitsa deti n'kutchula 26 m'malo mwa 29, koma poti adaimba bwino, adangozisiya choncho.

Si chimbale chotsegulira ana pabalaza. Muli mawu otukwana, muli kutamanda mowa ndi fodya wamkulu, ndipo momwe nyimbo zina zimakambira za amayi n'zosasangalatsa. Palinso odandaula kuti azungu atatu adalemera ndi kayimbidwe komwe eni ake ku Kingston sadapindule nako kwenikweni. Dandauloli lili ndi mfundo, ngakhale n'zoonanso kuti dzina la Half Pint lidalembedwa pakati pa olemba What I Got, ndipo achinyamata ambiri a ku America adayamba kufufuza oimba a ku Jamaica atamva za iwo kudzera kwa Nowell.

Pa 18 May 1996 Nowell adamanga banja ndi Troy mumzinda wa Las Vegas. Patangopita masiku ochepa gulu lidanyamuka kukaimba kumpoto kwa California, ndipo usiku wa pa 24 May lidaimba m'tauni ya Petaluma. M'mawa mwake, mu motelo ina ku San Francisco, Gaugh adapeza mnzake atagona osadzukanso. Heroin adali atamupitirira muyeso. Lou Dog adali m'chipinda momwemo.

Gulu lidathera pomwepo. Padalibe woimba woti akayankhule pa wailesi, padalibe ulendo wokatsatsa chimbale, zinthu zomwe nthawi zambiri zimapha malonda a nyimbo. Koma chimbalechi chidayenda chokha. What I Got idafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za rock yamakono wa magazini ya Billboard, chimbale chidakwera mpaka pa nambala 13, ndipo m'chaka cha 1997 kanema wa nyimboyi adapata mphoto ya MTV. Opanga makanema amachita kutolera zithunzi zakale za malemuyu kuti aoneke nawo. Pofika 1999 chimbalechi chidali chitagulidwa makope oposa 5 miliyoni ku America kokha. Ambiri mwa ogulawo adamudziwa Nowell ali kale m'manda.

Lou Dog adafa m'chaka cha 2001. Wilson ndi Gaugh adapitiriza kuimba m'magulu ena, ndipo m'chaka cha 2019 Lana Del Rey adaimbanso Doin' Time n'kuifikitsa kwa m'badwo womwe udabadwa mwini wake atapita. A Jim Nowell ndi mwana wawo wamkazi adakhazikitsa bungwe la Nowell Family Foundation lothandiza oimba omwe agwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Jakob, khanda lija, adakula n'kukhala woimba. Nayenso adalimbana ndi mowa ndi mankhwala ali wachinyamata, koma adasiya. Kumapeto kwa 2023 adaima pa nsanja pamodzi ndi Wilson ndi Gaugh, ndipo mu April 2024 atatuwa adaimba pansi pa dzina la Sublime pa chikondwerero chachikulu cha Coachella ku California. Tsiku limenelo Jakob adali ndi zaka 28.