Louis Pasteur ndi Mwana Wolumidwa ndi Galu

Louis Pasteur anabadwira ku Dole, m'dziko la France, m'caka ca 1822. Atate wake anali wofufuta zikopa. Iye ndiye anasonyeza kuti mkaka susasa wokha ai, koma umasasitsidwa ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timafa tikatenthedwa. Ndico cifukwa cake mkaka wowiritsa sufulumira kuonongeka.

M'caka ca 1885 anambweretsera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene galu wa ciwewe anamluma koopsa. Katemera wa Pasteur anali atagwira nchito pa agalu, koma pa anthu anali asanatsimikizike. Ndiponso mwini wakeyo sanali dokotala, kotero mwanayo akadafa, mlandu ukadamgwera iye. Anavomera ndithu. Mnyamatayo analasidwa nyeleti 13, ndipo ciwewe sicinamgwire.

Pasteur anamwalira m'caka ca 1895.