Chilembwe tikumudziwa, nanga ana ake?

John Chilembwe adabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Bambo ake adali Myao, mayi ake a Nyangu Mmang'anja. Mu 1897 Joseph Booth adapita naye ku America, ndipo atabwerako mu 1900 adatsegula mishoni ya PIM ku Mbombwe. Thangata litafika posauzana, adaukira atsamunda mu Januwale 1915, anthu ake mpaka kutentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi. Adaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho.

Adasiya ana aamuna awiri, Charlie ndi Donald. Koma paja kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mbiri ya kuchimuna sichedwa kusowa. Nkhope yake tikuyenda nayo m'thumba pa K2,000, komatu abale, ndani mwa ife angatchule mdzukulu wake ngakhale mmodzi?