Ganjin, mphunzitsi amene sanabwerere m'mbuyo

Ku Japan, mumzinda wa Nara, muli kacisi wakale kwambiri. Dzina lake ndi Toshodai-ji. Pafupi pake pali minda ya mpunga ndi mitengo yambiri. Alendo amapita kukamuona caka ndi caka. Amene anayambitsa kacisiyu anali munthu wosaona, dzina lake Ganjin.

Ganjin anabadwa m'caka ca 688 mumzinda wa Yangzhou, ku China. Kwawoko ankamuitana kuti Jianzhen. Ali mnyamata, analowa m'kacisi kukaphunzira ciphunzitso ca Buddha. Atakula, anakhala mphunzitsi wamkulu. Ankadziwanso mankhwala a zitsamba.

M'caka ca 742 kunabwera alendo awiri ocokera ku Japan. Iwo ankafuna mphunzitsi woti akaphunzitse anthu akwawo. Koma pakati pa China ndi Japan pali nyanja yaikulu ya mafunde oopsa. Ophunzira a Ganjin anacita mantha. Ganjin anavomera kupita iye mwini.

Ulendo unavuta. Nthawi zina akuluakulu a boma ankamuletsa kucoka. Nthawi ina mafunde anaphwanya combo cake. M'caka ca 748 mphepo yamkuntho inakankhira combo kutali, mpaka ku cilumba ca Hainan. Pobwerera kwawo, mmodzi wa alendo aja anamwalira. Maso a Ganjin nawo anasiya kuona.

Anayesa kasanu, nalephera kasanu. Tsopano anali wokalamba ndiponso wosaona. Koma sanaiwale lonjezo lake. M'caka ca 753 anayesanso kacisanu ndi cimodzi. Ulendo umenewu anaoloka nyanja nafika ku Japan. Panali patapita zaka 11 cilonjezere.

M'caka ca 754 analowa mumzinda wa Nara. Mfumu ndi anthu anamulandira ndi ulemu waukulu. Ganjin anawaphunzitsa malamulo a ciphunzitso ca Buddha. Anawaphunzitsanso za mankhwala. Anthu amasimba kuti ankazindikira zitsamba pozinunkhiza.

M'caka ca 759 anayambitsa kacisi wa Toshodai-ji. Kumeneko ndi kumene ankakhala ndi ophunzira ake. Anamwalira m'caka ca 763, osabwereranso ku China.

Ophunzira ake anapanga cifanizo cake. Cifanizoco cimaonetsa nkhalamba itakhala pansi, manja ali pamiyendo, maso ali otseka. Cilipobe mpaka lero. Anthu amaloledwa kuciona masiku owerengeka okha, m'mwezi wa Juni. Manda ake alinso m'bwalo la kacisiyo, pakati pa mitengo. Alendo akafika pamenepo amayenda mwakacetecete.

Mafunso

1. Kodi Ganjin anabadwira kuti?
2. Analephera kangati kuoloka nyanja?
3. Ankazindikira bwanji zitsamba?
4. Funsani makolo anu: kodi kwanu kuno ndani analonjeza cinthu covuta nacicita?